Laisensi ya njinga yamoto: zomwe mayiko amayesa asanalole munthu kulowa mumsewu

Ku Japan, munthu wofuna laisensi ya njinga yamoto amamuimika kutsogolo kwa kamlatho kachitsulo kotalika mamita 15, m'lifupi masentimita 30 okha, kotukuka pang'ono kuchoka pansi. Ayenera kukwera pamenepo ndi njinga n'kuyenda mpaka kumapeto osagwa, osaponda pansi. Kuwoloka kokha sikuvuta kwenikweni. Chimene chimagwetsa anthu n'chakuti amafuna uwoloke pang'onopang'ono. Wofuna laisensi ya njinga zosapitirira 400cc ayenera kutha masekondi 7 kapena kuposerapo ali pakamlathopo, ndipo wa njinga zikuluzikulu masekondi 10. Akafulumira amamudula malikisi. Tayala likaterereka n'kugwera pambali, mayeso athera pomwepo, akabwerenso tsiku lina.

Amene anagwirapo njinga akudziwa chifukwa chake. Njinga ikamathamanga imadziimika yokha, koma ikamayenda liwiro la munthu wapansi m'pamene imafuna kugwa. Kuti isagwe, dzanja lamanzere lisunge klatchi pakatikati, lamanja lipereke moto pang'ono, phazi lipondereze buleki yakumbuyo mopepuka, maso ayang'ane kutali osati patayala. Zonsezi nthawi imodzi. Munthu wotha kuchita zimenezi ndi amene angadutse pakati pa maminibasi ndi anthu apansi pamsika popanda kugwetsa yemwe wamunyamula.

Mayeso a ku Japan sathera pakamlathoko. Pali kukhotakhota pakati pa timakoni, apa ndiye mofulumira, masekondi osapitirira 8 kwa njinga zapakati ndi 7 kwa zikuluzikulu. Pali kunyamuka pachitunda njinga osabwerera m'mbuyo. Palinso kuima mwadzidzidzi: uthamange makilomita 40 pa ola, ukafika pamzere ugwire mabuleki, njinga iime usanadutse mamita 11 ngati pansi pali pouma, kapena mamita 14 ngati kwagwa mvula. Usanayambe n'komwe kuphunzira amayamba aona ngati ungathe kudzutsa njinga itagwa pansi ndi kuikankha pamanja. Anthu ambiri amadzera kusukulu zovomerezeka zomwe zimayesa zokha pamapeto, chifukwa kukayesedwa mwachindunji kumalo a boma n'kodziwika kuti n'kovuta kwambiri. Laisensiyo ukaipeza, chaka chonse choyamba suloledwa kunyamula munthu kumbuyo. Pamisewu ikuluikulu yothamangitsa, kuti muyende awiri uyenera kukhala ndi zaka 20 komanso utagwira laisensi zaka 3.

Lamulo lonyamula munthuli mulisunge m'mutu, tidzalipezanso m'mayiko ena, ndipo ndi limene likutikhudza kwambiri ife.

Ku Ulaya nkhawa yawo yaikulu inali ina: mnyamata wamng'ono kukhala panjinga yamphamvu kuposa nzeru zake zapamsewu. Kuyambira mu Januwale 2013 mayiko onse a mu European Union amagawa laisensi mofanana. Gawo la A1 ndi la njinga zosapitirira 125cc ndi mphamvu ya 11 kW, ndipo munthu atha kuyamba ali ndi zaka 16. Gawo la A2 limafika pa 35 kW, kuyambira zaka 18. Gawo la A lilibe malire a mphamvu, koma ulifikire utakhala ndi A2 kwa zaka 2, apo ayi udikire ukwanitse zaka 24. Dziko lililonse lili ndi ufulu wokweza zakazi pang'ono. Britain inaika 17 pa A1, 19 pa A2, ndi 21 pa A kwa wodzera njira ya A2, ndipo itatuluka mu mgwirizanowo sinasinthe dongosololi.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani akuwerenga ma kW pomwe ife tinazolowera ma cc. Ma cc amangonena kukula kwa injini, sanena mphamvu yake. Njinga ziwiri za 600cc zitha kusiyana mphamvu kawiri kapena kuposa, malinga ndi momwe anapangira injiniyo. Anawonjezeranso lamulo loti pa A2 mphamvu isapose 0.2 kW pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa njinga, chifukwa njinga yopepuka imanyamuka mwaliwiro kwambiri ngakhale injini ikhale yapakatikati. Ku Australia amaganiza chimodzimodzi: m'zigawo zambiri wongoyamba kumene amaloledwa njinga zosapitirira 660cc zomwe mphamvu yake siposa 150 kW pa tani.

Ndikhalitse pang'ono pa Britain, chifukwa kumeneko kuli chinthu chimene ndikuona kuti chingatithandize kuposa zonse. Kuyambira mu 1990, aliyense wofuna kukwera njinga yamoto pamsewu amayamba ndi maphunziro a tsiku limodzi otchedwa CBT. Si mayeso okhoza kapena kulephera monga tikudziwira. Mlangizi amayamba ndi kuona maso ako, kenako amakufotokozera za chisoti ndi zovala, n'kukuonetsa njinga ili chiimire: apa klatchi, apa buleki yakutsogolo, apa yakumbuyo, umu ndi momwe umaonera matayala ndi tcheni. Mukatero mumayeserera pabwalo lopanda magalimoto, kunyamuka, kuima, kutembenuka, kusintha magiya. Ndiye pamabwera kukambirana za msewu, ndipo pomaliza mumalowa mumsewu weniweni kwa maola osachepera 2, mlangizi ali pambuyo panjinga yake, akulankhula nawe pawailesi yam'khutu. Pamsewupo saloledwa kutenga ophunzira oposa awiri. Akaona kuti sunakonzeke sakupatsa chikalata, amati ubwerenso.

Chikalata cha CBT chimagwira ntchito zaka 2. Chimakulola kuyendetsa njinga yosapitirira 125cc utamata chikwangwani cha L yofiira kutsogolo ndi kumbuyo, koma osanyamula munthu ndiponso osalowa m'misewu ikuluikulu yothamangitsa. Ambiri mwa anyamata operekera zakudya m'makomo mu London amayendera chikalata chomwechi. Chofooka chake n'chakuti munthu atha kumangochibwereza zaka ziwiri zilizonse osakalemba mayeso enieni, ndipo a ku Britain okha amadandaula nazo zimenezi. Komabe palibe amene amalowa mumsewu mwalamulo asanaonedwe ndi munthu wodziwa.

Wofuna laisensi yathunthu amalemba kaye mayeso a pakompyuta: mafunso 50, akhoze 43. Kenako amaonera timafilimu 14 ta pamsewu n'kumadina akangoona ngozi ikuyamba kupangika, mwina mwana akuthamangira mpira, mwina galimoto ikutuluka pamphambano, ndipo pa malikisi 75 apeze 44. Mayeso a panjinga ali pawiri. Oyamba ndi a pabwalo: kukankha njinga, kuzungulira timakoni, kulemba 8, kuyenda pang'onopang'ono, kutembenuka osaponda pansi, kenako kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chopinga uli pa liwiro losachepera makilomita 50 pa ola, lomwe amaliyeza ndi makina. Achiwiri ndi a mumsewu, pafupifupi mphindi 40, woyesa akukutsatira. Amayamba ndi kukuuza kuti uwerenge nambala ya galimoto ili pamtunda wa mamita 20, ndipo ukalephera apo njinga suikwera n'komwe. Mumsewumo chimene amayang'anitsitsa ndi mutu wako. Usanakhote kapena kusintha mbali, watembenuka kuyang'ana paphewa? Galasi lili ndi malo omwe siliona, ndipo galimoto yomwe imagunda wanjinga pokhota kawirikawiri imakhala ili pamalo amenewo.

Kwa abale omwe ali kunja, apa pali pofunika kusamala. Laisensi ya kwanu imagwira ntchito ku Britain kwa miyezi 12 yokha kuchokera pomwe mwakhazikika. Ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe itha kusinthidwa kukhala ya komweko, koma Malawi ndi Zambia sali pamndandanda wa mayiko osinthitsa, choncho mumayambira poyambirira. Laisensi ya galimoto si ya njinga. Chiphaso choyendetsera m'mayiko ena chija chotchedwa International Driving Permit, chomwe ena amachitenga ngati chimatsekula zitseko zonse, chimangobwereza magawo omwe ali kale palaisensi yanu. Ngati mulibe A kwanu, simukhala nayo kunja, ndipo mukachita ngozi a inshuwalansi atha kukana kulipira.

Germany ndi France amakhwimitsa kwambiri mbali ya sukulu. Ku Germany sungaphunzitsidwe ndi mnzako. Uyenera kudzera kusukulu yoyendetsa, uyezetse maso, uphunzire chithandizo choyamba kwa wovulala, ndipo pamwamba pa maphunziro wamba uchite maulendo 12 apadera a mphindi 45 uliwonse: 5 m'misewu ya kunja kwa tauni, 4 pa misewu ikuluikulu yothamangitsa yotchedwa Autobahn, 3 mumdima. Ku France amafuna maola osachepera 20 a maphunziro, ndipo kuyambira 2016 aliyense, kaya ali ndi zaka 50, amayamba ndi A2 kwa zaka 2 asanakwere njinga yopanda malire. Zonsezi zimatulutsa oyendetsa ophunzitsidwa bwino, koma pamtengo umene munthu wamba kwathu sangaulote.

United States ili mbali inayo. Kulibe lamulo limodzi la dziko lonse, chigawo chilichonse chili ndi lake. M'zigawo zambiri munthu amachita maphunziro a bungwe la Motorcycle Safety Foundation, lomwe linayamba mu 1973, pafupifupi maola 15, nthawi zambiri Loweruka ndi Lamlungu, panjinga zazing'ono pabwalo loimikapo magalimoto. Akakhoza, chikalatacho chimalowa m'malo mwa mayeso a boma. Lolemba atha kukagula njinga ya 1000cc n'kulowa nayo mumsewu, chifukwa malire a mphamvu kwa wamkulu kulibe. Ku Illinois, Iowa ndi New Hampshire ngakhale chisoti lamulo silikakamiza wamkulu kuvala. Maphunziro awowo ndi abwino, amaphunzitsa zenizeni, koma kuchoka pabwalo kukafika panjinga yothamanga kuposa makilomita 250 pa ola popanda chokuletsa pakati ndimakuona kuti n'kutaya anthu.

Komatu nkhani ya mphamvu ya injini, yomwe Ulaya ndi America amasiyanirapo, si nkhani yathu kwenikweni. Njinga zodzaza m'misewu ya Lilongwe, Chipata kapena Tete ndi za 100cc mpaka 150cc, ma Boxer, ma Lifo ndi anzake. Vuto lathu likufanana ndi la mayiko a ku Asia kumene njinga si yosangalalira koma ndi miyendo ya banja lonse.

Kumeneko mayeso ambiri ndi a pabwalo basi. Ku India ndi ku Vietnam chodziwika ndi kulemba 8 pakati pa mizere osaponda pansi. Ku India munthu amatenga laisensi yophunzirira yomwe imakhala miyezi 6, ndipo pakatha masiku 30 atha kukayesedwa. Indonesia ili ndi phunziro lapadera. Kwa zaka zambiri mayeso a laisensi ya njinga, yotchedwa SIM C, anali ndi 8 wothina kwambiri ndi kukhotakhota pakati pa timitengo, moti anthu oyendetsa njinga tsiku ndi tsiku ankalephera kambirimbiri. Mu 2023 mkulu wa apolisi m'dzikolo, Listyo Sigit Prabowo, anadzudzula poyera mayesowo, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anachotsa 8 uja n'kuikapo njira yokhota ngati S, yotakasukirapo. Mayeso akavuta pa zinthu zomwe sizichitika mumsewu, sapanga anthu kukhala osamala. Amangowakankhira ku ziphuphu kapena ku kuyenda opanda pepala lililonse.

Apa pakuoneka kusiyana kwa zinthu ziwiri zomwe mayeso angayeze. China ndi luso la manja ndi mapazi, kuti njinga ikumvere. China ndi maso ndi mutu: kuona kuti minibasi yaima kutsogoloyo itsitsa munthu amene awoloke osayang'ana, kuti mchenga wapakona uja uterereka, kuti lole ikamakhota matayala akumbuyo amadula njira. Bwalo limayesa choyamba chokha. Chachiwiri chimaoneka mumsewu, ndipo n'chifukwa chake mayiko omwe angakwanitse amalipira woyesa kuti akutsatire kwa mphindi 40.

South Africa imagawa pawiri: A1 kwa njinga zosapitirira 125cc kuyambira zaka 16, ndi A kwa zoposa apo kuyambira zaka 18. Umayamba ndi mayeso olemba a malamulo, zikwangwani ndi zida za njinga, n'kupeza laisensi yophunzirira ya miyezi 24. Ndi imeneyo utha kuyenda wekha mumsewu, koma osanyamula munthu. Mayeso a panjinga, motsata dongosolo la K53, amachitikira pabwalo pokha: kunyamuka, kukhota, kusintha mbali, kunyamuka pachitunda, kuima ndi kuzemba mwadzidzidzi. Amalimbikira kwambiri ndondomeko ya kuyang'ana pagalasi, kutembenuza mutu ndi kuyatsa indiketa, ndipo njinga ikabwerera m'mbuyo pachitunda walephera.

Kenya ndiyo inayang'ana nkhope ndi nkhope nkhani ya njinga zonyamula anthu, zomwe kumeneko amati boda boda. Bungwe lawo loona za chitetezo cha pamsewu, la NTSA, linapatula gawo lapadera, A3, la wonyamula anthu kapena katundu pamalipiro. Kuti ulipeze uyenera kukhala ndi zaka 21 ndiponso utayendetsa chaka chimodzi pa gawo la A2. Malamulo awo a 2015 amati wokwera akhale mmodzi, ndipo apatsidwe chisoti ndi jekete yowala. Kutsatidwa kwake mumsewu ndi nkhani ina, sikuti zonse zili bwino ku Nairobi. Koma maganizo ake ndi olondola: kudziyendetsa wekha ndi kunyamula mwana wa mwini ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ku Kigali, mu Rwanda, wanjinga aliyense amayenda ndi zisoti ziwiri, ndipo wokwera amavala popanda kukangana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chisoti chabwino chovalidwa moyenera chitha kuchepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse.

Tsono tibwere kwathu. Malawi imatsata magawo ofanana ndi a mayiko a SADC, A1 kwa njinga zofika 125cc ndi A kwa zoposa apo, ndipo amapereka ndi a Road Traffic. Izi zikutanthauza kuti njinga ya 150cc, yomwe akabaza ambiri amakonda chifukwa imakoka katundu pachitunda, imafuna A. Papepala dongosolo lilipo: kulembetsa, mayeso a malamulo a pamsewu, laisensi yophunzirira, kenako mayeso a panjinga. Koma si chinsinsi, apolisi ndi a Road Traffic omwe amanena kawirikawiri, kuti akabaza ambiri alibe laisensi.

Kuwanena kuti ndi osamvera n'kosavuta. Tayang'anani kaye njira yomwe mnyamata wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kuyenda. Maofesi akuluakulu ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Pafunika thiransipoti, pogona, ndalama ya sukulu ndi ya mayeso, ndipo tsiku lililonse lomwe sali pasiteji, mwini njinga akudikirabe ndalama yake ya tsikulo. Akawerengera, amaona kuti kuzemba apolisi pamsewu n'kotchipa.

Ndiye amaphunzira momwe ambiri amaphunzirira. Madzulo pabwalo la mpira la pasukulu, mnzake amamuonetsa kutchaya, kusiya klatchi pang'onopang'ono, kulowetsa giya. Njinga imazima kangapo, imadumpha, kenako imayamba kumvera. Akazungulira bwalo osagwa, mnzakeyo amamupatsa langizo limodzi lomwe limamveka m'masiteji ambiri: "Buleki yakutsogolo usamaigwire, ikugwetsa." Sabata isanathe ali pamsewu wa tala, kumbuyo kuli mayi wobereka mwana, thumba la chimanga lili pathanki.

Langizo limenelo lapha anthu. Njinga ikamaima, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakutsogolo limakanikizika pansi n'kugwira msewu mwamphamvu, pomwe lakumbuyo limapepuka. N'chifukwa chake pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu yoimitsa njinga amachokera kutsogolo. Woponda yakumbuyo yokha tayala limangokhukhuluzika, njinga n'kumapitabe. Zoona, ukaitsina mwankhanza yakutsogolo, makamaka pamchenga kapena uli pakona, ugwa. Mankhwala ake si kuisiya koma kuphunzira kuifinya pang'onopang'ono n'kumawonjezera, pamodzi ndi yakumbuyo, njinga ili chilili. Ndi zimene mayeso a kuima mwadzidzidzi amafuna kuona, ku Tokyo, ku Pretoria kapena ku Manchester. Onjezani kuti liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndi kuti pa makilomita 50 pa ola njinga imadya pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse dzanja lisanafike n'komwe pabuleki. Ikani munthu ndi katundu kumbuyo: mtunda ukutalikirabe, kutsogolo kukupepuka, njinga ikukhota mochedwa. Palibe amene anamuuza mnyamata uja zimenezi, ndipo si mlandu wake yekha.

Ku Japan akanadikira chaka asananyamule munthu. Ku Britain ndi ku South Africa wophunzira sanyamula. Ku Kenya lamulo limafuna zaka 21 ndi chaka chimodzi chapamsewu. Kwathu kunyamula munthu ndiye chifukwa chimene wakwerera njingayo, ndipo amayamba nako tsiku loyamba.

Sindikhulupirira kuti yankho ndi kutengera Germany. Dongosolo lodula chotero lingangowonjezera chiwerengero cha oyenda opanda mapepala. Chomwe chingatheke ndi chofanana ndi CBT, koma chobwera kumene anthu ali: tsiku limodzi kapena awiri paboma kapena pamsika waukulu, alangizi ovomerezeka oyendayenda, panjinga yomwe munthuyo amagwiritsa ntchito. Mafunso a malamulo afunsidwe pakamwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao kwa amene kuwerenga kumamuvuta, chifukwa kudziwa tanthauzo la chikwangwani sikudalira Chingerezi. Pabwalo ayesedwe zinthu zochepa koma zenizeni: kuyenda pang'onopang'ono, kutembenuka, kuyang'ana paphewa, kuzemba chopinga, ndi kuima mwadzidzidzi ndi mabuleki onse awiri. Mabungwe a akabaza omwe ali kale m'masiteji, okhala ndi matcheyamani ndi mabuku a mayina, ndi amene angasonkhanitse anthu ndi kukana wopanda chikalata kuima pamzere.

Povuta ndi pa kudikira kuja. Mnyamata amene watenga njinga pangongole sangakhale chaka osanyamula anthu, adya chiyani? Lamulo lotero lingathyoledwe m'mawa wake womwe. Koma pali njira yapakati. Miyezi yoyamba atha kuloledwa kunyamula katundu yekha, makala, mabokosi a m'mashopu, matumba a kuchigayo, zomwe zimabweretsanso ndalama. Ndipo wofuna chilolezo chonyamula anthu abwerenso pabwalo, amumangirire thumba la mchenga la makilogalamu 50 kapena kuposa pampando wakumbuyo, abwereze kukhota ndi kuima mwadzidzidzi ali ndi katunduyo, aonetsenso chisoti chachiwiri chokhala ndi lamba womanga bwino asanapatsidwe chikalata.